Jamu m'madzi owira, supu pa presha: kasungidwe ka chakudya m'mabotolo

Musanatsuke botolo ngakhale limodzi, yambani mwadziwa ngati chimene mukufuna kusungacho chili ndi asidi wokwanira kapena ayi. Pamenepa ndi pamene pagona zonse: poto amene mutenge, nthawi imene mabotolo akhale pamoto, ngakhalenso ngati chakudyacho n'choyenera kulowa m'botolo n'komwe. Jamu wa zipatso ndi supu wa nyama amalowa m'mabotolo ofanana, zivundikiro zake n'zofanana, pa shelefu amaoneka chimodzimodzi. Koma kakonzedwe kake n'kosiyana kotheratu, ndipo wosakaniza njira ziwirizi amaika pachiswe moyo wa onse amene adzadye.

Chifukwa chake ndi kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum. Kamakhala m'dothi, motero kamabwera m'khitchini ndi karoti, anyezi, nyemba, ngakhale nyama. Kakakhala pamalo osakakomera, kamadzitsekera m'timbewu tolimba timene timapirira madzi owira kwa maola. Timbewuti timadzuka tikapeza malo a chinyontho, opanda mpweya, opanda asidi wokwanira, ndi ofunda ngati m'nyumba. Botolo la supu lotsekedwa bwino lili ndi zonsezi. Tikadzuka timatulutsa poizoni woopsa kwambiri amene amafoola mitsempha, ndipo nthawi zambiri chakudyacho sichinunkha, sichisintha mtundu, sichisintha kakomedwe. Wasayansi wa ku Belgium, Émile van Ermengem, ndiye anapeza kachilomboka m'zaka za m'ma 1890, pofufuza nyama ya nkhumba yosungidwa ndi mchere imene inapha anthu ena amene anaidya. Pa nthawiyo n'kuti anthu atakhala akusunga chakudya m'mabotolo kwa zaka zambirimbiri, kuyambira pamene Nicolas Appert wa ku France anafalitsa njira yake mu 1810. Iye ankaona kuti njirayo ikugwira ntchito, koma chifukwa chake sankachidziwa. Ife lero tikuchidziwa, ndiye palibe chifukwa chochitira zongoganizira.

Kuchuluka kwa asidi amakuyeza ndi nambala yotchedwa pH, ndipo malire ake ndi 4.6. Chakudya chimene nambala yake ndi 4.6 kapena kutsikirapo, asidi wake amaletsa timbewu tija kudzuka. Chotsala n'kupha chuku ndi tizilombo tina tofooka, ndipo madzi owira amakwanitsa zimenezi. M'gulu ili muli maapozi, malalanje, mandimu, masitiroberi, mapulamu, mphesa, zinanazi ndi mapichesi achikasu. Chakudya chimene nambala yake yapitirira 4.6 chimafuna kuti timbewuto tife tonse, ndipo timafa pa madigiri 116. Madzi a m'poto wamba safika pamenepo. Amawira pa madigiri 100, ndipo ngakhale musonkhezere moto bwanji, amangowira mwamphamvu osawonjezera kutentha. Ndi poto wa presha yekha amene amakweza kutenthako. Nyama, nkhuku, nsomba, nyemba, chimanga, mbatata, karoti ndi supu wa mtundu uliwonse zili m'gulu limeneli.

Lilime musalikhulupirire pa nkhaniyi. Jamu wa masitiroberi amatsekemera koma asidi ali nayo wokwanira, pamene tomato amamveka kuwawasa koma ali m'malire enieni. Nthochi, mapapaya, mavwende, nkhuyu ndi mango okupsa kwambiri ndi zipatso, inde, koma asidi wake ndi wochepa kapena wosadalirika. Zimenezi muzisunge pokhapokha mukutsatira njira yoyesedwa imene imanena kuchuluka kwa mandimu oti muthire.

Zofunika kukhala nazo

Mabotolo akhale a galasi lochindikala, opangidwira ntchito imeneyi. Odziwika kwambiri ndi aja a kukamwa kwa mazinga amene John Landis Mason anayambitsa mu 1858, amene masiku ano amatsekedwa ndi zinthu ziwiri: kachivundikiro kafulati kokhala ndi labala m'mbali, ndi mkombero wachitsulo wopotera. Botolo ndi mkombero mungagwiritse ntchito mobwerezabwereza, koma kachivundikiro kafulati n'kakamodzi kokha, chifukwa labala wake akaphwanyika pa mlomo wa botolo sabwereranso mwakale. Yendetsani chala pa mlomo wa botolo lililonse. Mukamva pobenthuka, ngakhale pang'ono, liikeni pambali, silidzatseka. Mabotolo amene munagulira jamu kapena zakudya zina angathe kugwira ntchito pa jamu ngati mwapeza zivundikiro zatsopano zokwana bwino, koma mu poto wa presha asalowemo, amasweka msanga.

Pophikira jamu pafunika poto wotambalala, wa pansi pochindikala, wachitsulo chosachita dzimbiri. Wa aluminiyamu amalimbana ndi asidi n'kusintha mtundu ndi kakomedwe ka zipatso. Powiritsira mabotolo pafunika poto wina wakuya, woti madzi amize mabotolo n'kutsalabe mpata wowirira. Pansi pake ikanipo kachitsulo kamawaya kapena nsalu yopinda kuti galasi lisagunde chitsulo chotentha. Onjezani sikelo, fanelo ya kukamwa kwakukulu, chopanira mabotolo, nsalu zoyera, ndi choyezera kutentha ngati chilipo.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachiganizira: dziwani kuti malo amene mukukhala ndi okwera mamita angati kuchokera pa nyanja yamchere. Foni kapena mapu a pa intaneti angakuuzeni. Pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, madzi amawira pa kutentha kotsikirapo ndi digiri imodzi kapena kuyandikira pamenepo. Ndiye amene ali kumtunda ayenera kuwonjezera nthawi kapena presha. Nambala zimene zili m'munsimu zikutsatira kwambiri zimene anayesa a nthambi ya zaulimi ya boma la America, USDA, ndi opanga mabotolo.

Kuphika jamu

Jamu amagwira chifukwa cha zinthu zitatu zogwirira ntchito limodzi: pekitini (chinthu cha m'zipatso chimene chimalimbitsa jamu), asidi ndi shuga. Pekitini ali m'chipatso momwemo, makamaka m'khungu, m'njere ndi pakati pake. Amachuluka chipatso chikangoyamba kupsa, n'kumachepa chikamapsetsa. N'chifukwa chake si nzeru kudikira kuti zipatso zonse zifewe. Pa magawo anayi, limodzi likhale la zipatso zosapsetsa, atatu a zakupsa bwino zopatsa fungo ndi kukoma. Maapozi, mapulamu ndi makungu a malalanje ali ndi pekitini wambiri. Masitiroberi, mapichesi ndi mapeyala a mtundu wa maapozi ali ndi wochepa, ndipo amafuna mandimu, apozi wopala, kapena pekitini wogula. Zowola ndi zochita chuku tayani. Moto sukonza chipatso chowonongeka.

Tsukani zipatso, chotsani mapesi ndi njere zazikulu, dulani kapena phwanyani, kenako yezani pa sikelo. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zokonzeka thirani shuga wa magalamu 800 mpaka kilogalamu imodzi, ndi masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu. Ambiri amadabwa ndi shuga wochuluka chotere n'kumuchepetsa ndi theka. Ndimamvetsa, koma dziwani zotsatira zake. Shuga amagwira madzi a m'chipatso, kuti pekitini apeze mpata wolumikizana, ndiponso kuti chuku chisowe madzi. Mukamuchepetsa kwambiri, jamu sagwira, ndipo botolo likatsegulidwa sachedwa kuwonongeka. Ngati mukufunadi wa shuga wochepa, gulani pekitini wopangidwira zimenezo, amene amagwira ndi kashiamu, ndipo tsatirani zolembedwa pa paketi yake.

Musaphike zipatso zopitirira kilogalamu imodzi ndi theka nthawi imodzi. Poto akadzaza, madzi amachedwa kuuluka, jamu amakhalitsa pamoto, pekitini amafooka, mtundu umada, fungo la chipatso limathawa. Kuphika kawiri pang'onopang'ono kumapambana kuphika kamodzi kochuluka.

Jamu asanakhale pamoto, konzani mabotolo. Atsukeni ndi sopo, atsukuluzeni, aikeni m'poto wakuya uja m'madzi otentha kuti adikire ali ofunda. Galasi lozizira likalandira jamu wowira limang'aluka. Ikaninso timbale tiwiri kapena titatu mufiriza.

Yambani ndi moto wochepa, mukutakasa, mpaka shuga yense asungunuke. Mukamamvabe timchenga pansi pa mthiko, musakweze moto. Shuga akasungunuka, kwezani moto kuti jamu awire mwamphamvu, kuwira kosaleka ngakhale mutakasa. Apa musachokepo. Takasani pafupipafupi mpaka pansi ndi m'makona kuti asapserere, ndipo samalani manja chifukwa jamu wothovoka amawotcha koposa madzi. Poyamba thovu limakwera, loyera ndi lopepuka. Pakapita nthawi limatsika, matuza amakula n'kumaphulika mochedwerapo, phokoso limakhala lolemera, ndipo jamu amayamba kunyezimira. Nthawi yoyesa yakwana.

Ngati muli ndi choyezera kutentha, jamu amagwira pa madigiri 104 mpaka 105 kwa amene ali pafupi ndi nyanja yamchere. Kwa ena onse, yezani kaye madzi owira a kwanuko, n'kuwonjezerapo madigiri 4. Komabe ine ndimadalira kwambiri kambale kozizira, chifukwa kamaonetsa jamu weniweniyo mmene adzakhalire. Chotsani poto pamoto, donthezani jamu pang'ono pa kambaleko, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako mukankheni ndi chala. Akachita makwinya n'kusiya kanjira kosatsekeka msanga, wapsa. Akayenderera ngati madzi, bwezerani poto pamoto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu n'kuyesanso. Kuchotsa poto pamoto poyesa n'kofunika, chifukwa jamu amapitirira msanga, ndipo wopitirira amalimba mosapakika pa buledi. Wosagwira bwino amatha kuphikidwanso, koma wolimbitsitsa n'zovuta kumubweza.

Yengulani thovu. Ngati muli zidutswa zikuluzikulu za zipatso, dikirani mphindi zisanu n'kutakasa kamodzi kuti zisayandame zonse pamwamba. Thirani m'mabotolo otentha, mukusiya mpata wa mamilimita 6 kuchokera pa mlomo. Mpatawu uli ndi ntchito yake. Ukachepa, jamu amasefukira n'kudetsa labala. Ukachuluka, mpweya sutuluka wonse ndipo chivundikiro sichigwira mwamphamvu. Lowetsani kamtengo koyera kapena kapulasitiki m'mbali mwa botolo kuti matuza a mpweya atuluke. Pukutani mlomo ndi nsalu yonyowa yoyera mpaka pasakhale ponata paliponse. Ikani kachivundikiro, potani mkombero ndi nsonga za zala mpaka ulimbe, osaukakamiza ndi mphamvu zonse, popeza mpweya uyenera kupeza potulukira.

Tsitsirani mabotolo m'poto wakuya ali chilili. Madzi awamize ndi masentimita atatu kapena asanu. Vundikirani, ndipo yambani kuwerenga nthawi madzi akawira mwamphamvu, osati pamene mwaika mabotolo. Jamu amafuna mphindi 10. Pakati pa mamita 300 ndi 900 onjezerani mphindi 5, pakati pa 900 ndi 1,800 onjezerani 10. Nthawi ikakwana zimitsani moto, vundukulani, dikirani mphindi 5, kenako tulutsani mabotolo osawapendeketsa. Aikeni pa nsalu, motalikirana, pamalo opanda mphepo. Musapotenso mikombero, musawagwiregwire kwa maola 12 mpaka 24.

Mudzamva anthu akunena kuti kuwiritsa kumeneku n'kutaya nthawi, kuti jamu wotentha akangothiridwa m'botolo n'kulizondotsa, chivundikiro chimagwira chokha. Chimagwiradi nthawi zambiri. Koma kugwira kwa chivundikiro kumangosonyeza kuti mpweya wa m'kati wazizira n'kukoka. Sikusonyeza kuti chuku chimene chinali pa chivundikiro kapena mu mpata uja chafa. Enanso amaika mabotolo mu uvuni, koma mpweya wouma suloweza kutentha m'kati mwa chakudya monga madzi amachitira, ndipo galasi likhoza kuphulika. Mphindi 10 za m'madzi owira n'zochepa poyerekeza ndi ntchito yonse imene mwagwira kale.

Zipatso zathunthu, mamaledi ndi tomato

Ngati mukufuna zipatso zooneka bwino zosambira mu manyuchi a shuga, osati zophwanyika, zisakanizeni ndi shuga madzulo n'kuzisiya mufiriji usiku wonse. Shuga amatulutsa madzi ndi kulimbitsa mnofu wake, kotero kuti pophika siziphwasuka. M'mawa phikani pang'onopang'ono mpaka zidutswa zioneke zowala ndipo madzi ake akhuthale. Kathiridwe ndi kawiritsidwe n'chimodzimodzi ndi jamu.

Mamaledi, jamu wa malalanje wophikidwa ndi makungu ake, amafuna kuleza mtima pa chinthu chimodzi. Makungu a malalanje afewe kaye m'madzi shuga asanalowe, chifukwa shuga akalowa safewanso. Dulani makungu mopyapyala, mangani njere ndi zoyera za m'kati m'kansalu, phikani zonse pamodzi mpaka khungu liziphwanyika pakati pa zala. Finyani kansalu kaja mwamphamvu, popeza pekitini wambiri ali mmenemo, kenako thirani shuga.

Tomato angathe kuwiritsidwa m'madzi, koma pokhapokha mwamuwonjezera asidi m'botolo lililonse: masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu pa botolo la lita imodzi, supuni imodzi pa la theka la lita. Mandimu a m'botolo ogula ndi abwino pa ntchitoyi chifukwa asidi wake sasinthasintha ngati wa ndimu yothyola kumene. Nthawi yake ndi yaitali kuposa ya jamu ndipo imasiyana ndi mmene mwamukonzera, ndiye tsatirani njira yoyesedwa. Mukangothiramo anyezi wambiri, tsabola wobiriwira kapena nyama, salinso m'gulu la zowawasa. Walowa m'gulu la supu.

Supu

Pano ndinena mosapita m'mbali: ngati mulibe poto wa presha wosungira chakudya, amene amagulitsidwa ndi dzina loti pressure canner, musaike supu m'mabotolo a pa shelefu. Muikeni mufiriza, amakhala bwinobwino miyezi ingapo. Kuwiritsa botolo la supu m'madzi kwa maola atatu kapena anayi, monga ankachitira akale ena, sikufikitsa madigiri 116. Kuti mabanja ambiri anadya osadwala sikutanthauza kuti njirayo ndi yabwino. Timbewu tija sitikhala m'botolo lililonse, koma limodzi lokha n'lokwanira kugwetsa banja lonse.

Poto wa presha wamng'ono wophikira nyemba sakwanira. Nthawi zoyesedwa zimawerengera ndi kutentha kumene chakudya chimalandira poto wamkulu akamatentha ndi akamazizira, pamene wamng'ono amatentha ndi kuzizira msanga. Wofunika ndi wolowa mabotolo anayi a lita imodzi ali chilili, kapena kupitirira apo. Mapoto amagetsi ophika zosiyanasiyana nawonso musawadalire pa supu, ngakhale atakhala ndi batani lolembedwa za mabotolo. Mapoto oyenera alipo a mitundu iwiri: ena ali ndi geji ya muvi ngati wotchi, ena ali ndi kachitsulo kolemera kamene kamagwedezeka presha ikakwana. Geji ya muvi imasokonekera ikamakalamba, ndipo iyenera kuyesedwa chaka ndi chaka.

Supu wa m'botolo akhale wamadzimadzi. Musathiremo ufa, mpunga, pasita, mkaka, kirimu kapena chilichonse chokhuthalitsa, ndipo musamugaye. Chifukwa chake n'choti kutentha kumafika pakati pa botolo madzi akamazungulira m'katimo. Supu wokhuthala sazungulira, ndiye m'mbali mumatentha pamene pakati pasanafike pofunika. N'chifukwa chakenso maungu ophwanya saloledwa m'botolo pamene odula m'zidutswa amaloledwa. Zokhuthalitsazo mudzathira tsiku lodya, ndipo zidzakoma bwino kuposa zikanakhala miyezi m'madzi.

Tsukani ndiwo zamasamba bwinobwino. Mbatata ndi karoti zisendedwe, popeza dothi limabisala m'khungu. Dulani zidutswa zofanana kukula. Nyama kapena nkhuku iphikeni mpaka ifewe, chotsani mafupa, yengulani mafuta, chifukwa mafuta akakwera pa mlomo wa botolo chivundikiro sichigwira. Nyemba zouma zisalowe zouma: pa kapu imodzi thirani makapu atatu a madzi, wiritsani mphindi 2, chotsani pamoto, zisiyeni ola limodzi, wiritsaninso n'kukhetsa. Phatikizani zonse ndi msuzi wa nyama, madzi kapena tomato mpaka zimire, n'kuwiritsa mphindi 5. Mchere ndi wokometsera chabe, sukuteteza chilichonse pano. Zokometsera zina zimakula mphamvu zikakhalitsa, ndiye thirani mochepa.

Pothira m'mabotolo otentha, zolimba zifike theka la botolo basi, kotsalako mudzaze ndi msuzi, n'kusiya mpata wa masentimita awiri ndi theka. Mtima umafuna kudzaza nyama ndi nyemba mpaka pamwamba kuti botolo lipindule, koma nthawi zimene zinayesedwa ndi za theka lolimba, theka lamadzi. Tulutsani matuza, pukutani milomo ndi nsalu yonyowetsedwa ndi vinega pang'ono kuti mafuta achoke, vundikirani monga munachitira ndi jamu.

M'poto wa presha thirani madzi otentha a masentimita 5 mpaka 8, kapena monga linenera buku la potoyo. Pano mabotolo samira, ntchito imagwiridwa ndi nthunzi. Ikani mabotolo pa kachitsulo ka pansi, tsekani chivundikiro, koma kabowo ka nthunzi kakhale kotsegula. Kwezani moto. Nthunzi ikayamba kutuluka mwamphamvu mosadukiza, werengani mphindi 10 zathunthu. Sitepe iyi ndi imene anthu amaidumpha kawirikawiri, ndipo ndi yoopsa kuidumpha. Mpweya wotsalira m'poto umakweza muvi wa geji koma sukweza kutentha mofanana ndi nthunzi, ndiye geji imatha kuonetsa presha yokwanira pamene m'katimo simunatenthe mokwanira.

Mphindi 10 zikatha, tsekani kabowoko ndi kachitsulo kake ndipo presha iyamba kukwera. Presha amaiyeza ndi muyezo wotchedwa psi. Wa kachitsulo kolemera aike 10 psi ngati malo ake sapitirira mamita 300, ndi 15 psi ngati apitirira. Wa geji ya muvi afikitse 11 psi mpaka pa mamita 600, 12 psi mpaka pa 1,200, 13 psi mpaka pa 1,800, ndi 14 psi mpaka pa 2,400. Yambani kuwerenga nthawi presha ikakwana: mphindi 60 pa mabotolo a theka la lita, mphindi 75 pa a lita imodzi. Ngati mu supumo muli nsomba kapena zamoyo zina za m'madzi, mphindi 100. Msuzi wa mafupa wosefa, wopanda zolimba, umafuna mphindi 20 pa theka la lita ndi 25 pa lita. Mabotolo aakulu kuposa lita musawagwiritse ntchito pa supu.

Nthawi yonseyi khalani pafupi. Sinthani moto pang'onopang'ono kuti presha ikhazikike, chifukwa ikamakwera ndi kutsika msuzi umathawa m'mabotolo. Ikatsika kupitirira pa nambala yanu, ngakhale kwa kanthawi, ikwezeninso n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pa ziro. Zimapweteka ngati munali pafupi kumaliza, koma palibe njira ina.

Nthawi ikakwana zimitsani moto n'kumusiya poto azizire yekha. Musamuthire madzi, musachotse kachitsulo msanga. Kuthamanga si kufika: kuzizira kwapang'onopang'onoku ndi mbali ya kuphika, ndipo kukufulumizitsa kumasiya chakudya chosatetezeka n'kutulutsa msuzi m'mabotolo. Presha ikafika pa ziro, chotsani kachitsulo, dikirani mphindi 10, kenako tsegulani chivundikiro mochipendeketsa kuti nthunzi ipite kutali ndi nkhope yanu. Mudzaona supu akuwirabe m'mabotolo, ndi mmene ziyenera kukhalira. Atulutseni ali chilili, aikeni pa nsalu, asiyeni mpaka mawa.

Tsiku lotsatira ndi miyezi yotsatira

Mabotolo akazizira, masulani mikombero. Dinani pakati pa chivundikiro chilichonse. Chogwira bwino chimakhala cholowa m'kati ndipo sichidumpha. Chimene chikulira n'kubwerera sichinagwire. Botolo lotere liikeni mufiriji n'kudya m'masiku ochepa, kapena bwerezani ntchito yonse ndi chivundikiro chatsopano maola 24 asanathe. Tsukani kunja kwa mabotolo, lembani dzina la chakudya ndi tsiku, ndipo asungeni opanda mikombero. Mkombero umachita dzimbiri, komanso umapanikiza chivundikiro chimene chamasuka n'kubisa vuto limene mukanaliona. Malo osungira akhale ozizira, ouma ndi amdima, kutali ndi sitovu ndi dzuwa. Idyani chaka chisanathe, mukuyambira akale.

Botolo lililonse liyang'aneni musanalitsegule. Chivundikiro chotupa kapena chomasuka, zotayikira m'mbali, matuza okwera okha, msuzi wothovoka potsegula, fungo lachilendo, zonsezi zikutanthauza kutaya, osalawa ngakhale kunsonga ya supuni. Jamu wochita chuku musamuchotse pamwamba n'kudya wapansi, mizu ya chuku imalowa mozama kuposa pamene maso aonera. Supu wooneka bwino ndimalangiza kuti muzimuwiritsa mphindi 10 musanagawe, n'kuwonjezera mphindi imodzi pa mamita 300 aliwonse, chifukwa poizoni uja amawonongeka ndi kuwira ngakhale timbewu take sitifa. Kumeneku n'kudziteteza kowonjezera, si njira yopulumutsira botolo limene mukulikayikira kale.

Botolo la supu lokayikitsa ligwireni mutavala magolovesi. Likulungeni m'thumba lapulasitiki lolimba, limangeni, litayeni pamene ana ndi ziweto sangafike. Pamene patayikira pathireni mankhwala a klorini oyeretsera, gawo limodzi pa magawo asanu a madzi, asiyeni mphindi 30 musanapukute, ndipo nsalu yopukutirayo itayeni. Wina akadya chakudya cha m'botolo n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, kulephera kumeza, lilime kulemera polankhula kapena kufooka kotsika kuchokera kumutu, kawirikawiri patapita maola 12 mpaka 36, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Auzeni madokotala chimene anadya, tengani botololo kapena zotsala zake, ndipo dziwitsani onse amene anadya nawo, ngakhale amene akumva bwino.